Mazira a ku Kent, nyumba za khofi za ku London ndi luso la kucheza

M'chaka cha 1490 William Caxton, amene anayambitsa ntchito yosindikiza mabuku ku England, anasimba kankhani kena m'mawu otsogolera buku limene anamasulira kuchokera m'Chifalansa. Amalonda ena ananyamuka pa chombo mumtsinje wa Thames kulowera ku Zeeland. Mphepo italeka chombo chinaima, iwo n'kutsikira kumtunda m'dera la Kent kukasaka chakudya. Mmodzi wa iwo, wogulitsa nsalu, analowa m'nyumba ina n'kuitanitsa mazira kwa mayi wa pakhomopo. Mawu amene anatchula ndi *egges*. Mayi uja anayankha kuti Chifalansa sachimva. Bamboyo anapsa mtima, poti nayenso Chifalansacho sankachidziwa n'pang'ono pomwe. Anawombola zinthu ndi mnzake wina amene anati munthuyu akufuna *eyren*. Apo mayi anati wamva bwino lomwe.

Onse awiri anali Angerezi ndipo onse ankayankhula Chingerezi. *Egges* anali mawu a kumpoto, osiyidwa ndi ma Viking, anthu ochokera kumpoto kwa Ulaya amene anakhazikika kumeneko, pomwe *eyren* anali mawu akale a kum'mwera. Caxton anafunsa funso la munthu wa malonda: ndiye polemba tizilemba ati? Buku limodzi likasindikizidwa makope mazanamazana, liyenera kugulidwa ku York ndi ku Kent komwe. Chimene lero timachitcha Chingerezi chovomerezeka, chija cha m'kalasi, cha pa mayeso ndi cha m'nyuzipepala, chinabadwira pa vuto limeneli. Anthu ankafuna kumvana pamene aliyense ali ndi kayankhulidwe ka kwawo.

Kale Caxton asanabadwe, Chingerezi chinakhalapo ndi kalembedwe kofanana. Kanayamba kuphuka m'nthawi ya Mfumu Alfred ya ku Wessex, imene inalamulira kuyambira 871 mpaka 899, ndipo amonke a ku Winchester anakakhwimitsa m'zaka zotsatira. Zonsezo zinagwa mu 1066 pamene William wa ku Normandy analanda dzikolo. Kwa zaka pafupifupi 300 kunyumba ya mfumu ndi kukhothi kunkamveka Chifalansa, kutchalitchi ndi m'mabuku a boma Chilatini. Chingerezi chinatsala cha kumunda, cha kumsika ndi cha pa moto, ndipo woti wachilemba ankalemba momwe amatchulira kwawo. Ofufuza zolemba za nthawi imeneyo anapeza kuti mawu amodzi okha, *through*, analembedwa m'njira pafupifupi 500.

Kubwerera kwake kunali kwa pang'onopang'ono. Mu 1362 panatuluka lamulo loti milandu izikambidwa m'Chingerezi chifukwa anthu samamva zowanenera ndi zowaweruza, ngakhale lamulolo linalembedwa m'Chifalansa. Kuyambira 1417 Mfumu Henry V, ili kunkhondo ku France, inayamba kutumiza makalata ake kwawo m'Chingerezi. Alembi a boma ku Westminster anatengera pomwepo, ndipo popeza makalata awo ankafika m'zigawo zonse, kalembedwe kawo kanazolowereka. Sanali okha. London inali itadzaza ndi amalonda ndi anthu osamuka kuchokera chapakati ndi kum'mawa kwa dzikolo, amene kayankhulidwe kawo kankamveka kwa a kumpoto ndi a kum'mwera omwe. N'chifukwa chake Chingerezi chovomerezeka ndi chosakaniza: *they*, *them* ndi *their* anatsika kuchokera kumpoto, chimodzimodzi *s* wa kumapeto kwa *goes*, amene anakankha *goeth* wa kum'mwera. Makina a Caxton, amene anaikidwa ku Westminster mu 1476, anatenga chosakanizachi n'kuchichulukitsa.

Apa pali chinthu chosautsa aliyense wophunzira Chingerezi, ndipo ndi bwino kudziwa gwero lake. Kalembedwe kanayamba kuuma pa nthawi yomwe katchulidwe kanali pa ulendo. Pakati pa zaka za m'ma 1400 ndi 1700, maliwu onse atali a Chingerezi anasuntha. Kale *time* ankatchulidwa chapafupi ndi "tiime", *name* ngati "naame", *house* ngati "huus". Ndiye kuti malembo a, e, i, o, u ankamveka pafupifupi momwe timawawerengera m'Chichewa. Mu *knight* lembo lililonse linkamveka, *k* ndi *gh* omwe. Pakamwa panasintha, papepala panatsala pomwepo. Kenako akatswiri okonda Chilatini anawonjezera zawo: mawu akale *dette* ndi *doute* anawalowetsa *b* kuti aoneke m'mene analili m'Chilatini, n'kukhala *debt* ndi *doubt*, koma *b* ameneyo palibe Mngerezi anamutchulapo. Mwana wa Sitandade 2 amene amawerenga Chichewa bwinobwino koma n'kumapunthwa pa Chingerezi si wogona ayi. M'Chichewa malembo asanu aja amaimira maliwu asanu. M'Chingerezi cha kum'mwera kwa England malembo omwewo amasenza maliwu pafupifupi 20.

Chinanso chimene Chingerezi chinataya m'zaka zomwezi, Mchewa sangavutike kuchimvetsa. Chinali ndi iwe ndi inu. *Thou* anali iwe, wa mwana, wa wantchito, wa mnzako wa pamtima. *You* anali inu, wa gulu komanso wa ulemu. Kulakwitsa apa kunali nkhani yaikulu. Pa mlandu wa Walter Raleigh mu 1603, loya wa boma Edward Coke anamutchula dala kuti *thou* pofuna kumunyazitsa. Akhristu otsatira George Fox, otchedwa ma Quaker, ankatchula aliyense *thou*, kaya ndi woweruza kaya bwana, pokana kuti anthu ena ndi apamwamba kuposa anzawo, ndipo ankamenyedwa nazo. Mu mzinda waukulu momwe sudziwa kuti wakumana nayeyu ndi ndani, kunali kwanzeru kungoti inu kwa aliyense. Pofika 1700 *thou* anali atazimirira m'kayankhulidwe ka ku London, n'kutsalira m'mapemphero, m'ndakatulo ndi m'midzi ya kumpoto monga ku Yorkshire.

Ulemu sunathe, unangosamukira kwina, ndipo apa ndi pomwe ambiri odziwa Chingerezi cha m'buku amapunthwira. "Ndipatseni madzi" ndi mawu aulemu chifukwa cha *-ni* uja. Mukawatembenuza ndendende n'kunena kuti *give me water*, ulemu wonse wagwera panjira, chifukwa Chingerezi chilibe pouika m'mneni. Chimauika m'kamangidwe ka chiganizo: pempho limavekedwa ngati funso. *Could I have some water, please?* Pempho likakula, chiganizo chimatalikanso: *would you mind*, *I was wondering if you could*. Munthu wofika ku Britain kudzagwira ntchito amene sanauzidwe zimenezi amaoneka wolamula pomwe mumtima mwake wagwada. Galamala yake ilibe cholakwa chilichonse.

Tsopano za kucheza kwenikweni. Mu 1652 munthu wina dzina lake Pasqua Rosée anatsegula nyumba yoyamba yomwera khofi ku London, pa kanjira ka St Michael's Alley. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700 nyumba zoterezi zinali mazanamazana. Ukalipira ndalama ya peni imodzi unkalandira khofi, kukhala pa tebulo lalitali pamodzi ndi aliyense amene wamupeza, kuwerenga nyuzipepala ndi kulowerera nkhani. Wamalonda ankakhala moyandikana ndi m'busa, loya, woyendetsa zombo ndi mlakatuli. Amayi kawirikawiri sankakhala nawo pa matebulowa, ndipo ichi chinali chilema chachikulu cha macheza amenewa. Boma linkaziopa nyumbazi. Kumapeto kwa Disembala 1675 Mfumu Charles II inalamula kuti zitsekedwe ponena kuti ndi mofalitsira mabodza onyoza boma, koma anthu atadandaula lamulolo linachotsedwa pasanathe masabata awiri.

Pa tebulo lotere munthu sukanadalira udindo wako kuti akumvere. Unkayenera kuyankhula zomveka kwa munthu amene ntchito yako saidziwa. Joseph Addison ndi Richard Steele anatenga kayankhulidwe kameneka n'kukaika papepala m'nyuzipepala yawo ya tsamba limodzi, *The Spectator*, imene inkatuluka masiku asanu ndi limodzi pa sabata kuyambira Malichi 1711 mpaka Disembala 1712, n'kutuluka maulendo 555 onse pamodzi. Addison ananena poyera kuti cholinga chake chinali kutulutsa nzeru m'malaibulale ndi m'makoleji kuti zikakhale pa matebulo a tiyi ndi m'nyumba za khofi. Ziganizo zake zinali zosatalika mopitirira, mawu ake odziwika, osati a kukhothi kapena a paguwa. Chingerezi cholembedwa chimene chinadzakhala chitsanzo m'masukulu kwa zaka zoposa 100 chinatsanzira munthu wocheza bwino. Kucheza ndiko kunatsogola, buku linabwera pambuyo.

Mlembi wina, Jonathan Swift, wa m'nthawi yomweyo, analemba kankhani kafupi kondandalika zimene zimapha macheza, ndipo palibe chimene chakalamba. Pali wolongolola, amene akatsegula pakamwa ayambire patali, apatukire uku ndi uku, aime kuti akumbukire dzina la munthu losafunika n'komwe, anzake ali chete kudikira, mapeto ake nkhaniyo n'kupezeka kuti onse anaimva kale. Pali wokamba za iye yekha, matenda ake, milandu yake, momwe iye ananeneratu kuti zidzatero. Pali wobweretsa chiyankhulo cha kuntchito kwake pagulu la anthu osachidziwa, ndipo Swift anati matendawa sagwira ophunzira okha: msilikali ndi munthu wa kunyumba ya mfumu nawonso amadwala. Pali wanthabwala zolasa, amene amasankha mmodzi pagulu n'kumusandutsa choseketsa. Koma chimene anachiona mozama ndi ichi: kufulumira kudula mnzako mawu, ndi kukwiya ukadulidwa, zimamera pa muzu umodzi. Munthu akagwira mfundo m'mutu n'kumaopa kuti aiwala, makutu amatsekeka. Akuoneka ngati akumvetsera, koma akungodikira mpata woti atule katundu wake.

Asayansi ya chiyankhulo anadzapeza chifukwa chake zimatero. Mu 1974 Harvey Sacks, Emanuel Schegloff ndi Gail Jefferson, atamvetsera macheza ojambulidwa pa tepi, anafotokoza momwe anthu amapatsirana mpata popanda wapampando. Mu 2009 gulu lotsogozedwa ndi Tanya Stivers linayeza nthawi yodutsa pakati pa funso ndi yankho m'ziyankhulo 10. Linapeza kuti pakatikati ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. A ku Japan anali achangu kuposa onse, a ku Denmark ochedwerapo, pafupifupi theka la sekondi. Komatu kuti ubongo ukonze ngakhale mawu amodzi n'kuwatulutsa pamafunika nthawi yoposa theka la sekondi. Ndiye kuti tonsefe timayamba kuphika yankho mnzathu asanamalize. Kumvetsera ndi kukonza yankho zimalimbirana malo amodzi.

Podziwa izi, pali zingapo zoti munthu achite. Mfundo ikakubwererani mnzanu ali pakati, igwireni ndi liwu limodzi m'mutu, osati chiganizo chonse, kenako bwezani khutu kwa iye. Akamaliza, yambani ndi chimene wanena iye musanafike pa chanu. Ngati simungathe kubwereza mfundo yake m'mawu anu iye n'kuvomera kuti ndi zomwezo, simunakonzeke kumutsutsa. Muzimvanso chete. Mukapempha kanthu kapena kuitanira munthu kwinakwake, yankho n'kuchedwa kufika sekondi yathunthu, nthawi zambiri kukubwera "ayi". Wocheza waluso sadikira kuti mnzake avutike nako kukana, amamutsegulira khomo: "kapena tsiku lina?" Pa foni ya intaneti netiweki ikamachedwa, muyezo umenewu umasokonekera. Aliyense amaganiza kuti mnzake watha, onse n'kuyamba pamodzi, onse n'kusiya pamodzi. Mankhwala ake ndi kufupikitsa zonena ndi kumaliza momveka, ndi funso kapena ndi dzina la amene mukumupatsa mpata.

Pagulu la anthu anayi kapena asanu, yang'anirani amene wayesa kawiri kulowa n'kuphimbidwa. Mumamuona: wakoka mpweya, wasendera kutsogolo, watsegula pakamwa n'kutsekanso. Mpata ukafika kwa inu, m'patseni: "Achimwene, munafuna kunenapo kanthu." Pa gulu loposa apa, nkhani imagawika yokha pawiri, ndipo palibe chifukwa choikakamiza kuti ibwerere pamodzi.

Katswiri wina wa nzeru zakuya, Paul Grice, m'maphunziro amene anapereka ku Harvard mu 1967, anati anthu akamacheza amayembekezerana zinthu zinayi mosauzana: unene zokwanira, osachepetsa osachulutsa, unene zimene ukukhulupirira kuti n'zoona, unene zogwirizana ndi nkhani ili pamphasa, unene momveka. Chokoma pa mfundo yake n'chakuti tikaphwanya dala chimodzi mwa izi, womvera amasaka tanthauzo lobisika. Mukafunsa ngati mnyamata wakuti ndi wolimbikira ntchito, wina n'kuyankha kuti amavala bwino, mwamva kale yankho. Kuyankhula mokuluwika, miyambi ndi nthabwala zimayenda pa njira imeneyi. Zimasokonekera pamene awiriwo sakuchokera kumodzi. Mngerezi akati *that's interesting* kapena *I'll think about it*, nthawi zambiri wakana mwaulemu, ndipo mlendo amapita kwawo akuyembekeza. Pamene simukutsimikiza, funsani mwachindunji koma mofatsa kuti mubwerenso liti. Safunsa anadya phula.

Swift yemweyo mu 1712 anapempha boma kuti likhazikitse bungwe loyang'anira Chingerezi, ngati lija la ku France la mu 1635, kuti chiyankhulo chileke kusintha. Mfumukazi Anne itamwalira mu 1714 ganizolo linafera pomwepo, ndipo mpaka lero Chingerezi chilibe bungwe lotere. Ntchitoyo inagwiridwa ndi anthu paokha. Samuel Johnson, ndi omuthandiza asanu ndi mmodzi, anatha zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi akulemba mtanthauziramawu amene anatuluka mu 1755, wa mawu oposa 42,000 ndi zitsanzo zoposa 100,000 zotapa m'mabuku. Iye mwini anavomera m'mawu otsogolera kuti anayamba ndi chiyembekezo choumitsa chiyankhulo, koma anazindikira kuti n'zosatheka.

Amene anabwera pambuyo pake analibe kudzichepetsa kotere, ndipo kwa ine apa ndi pamene zinthu zinakhota. Robert Lowth, amene anadzakhala bishopu wa London, anatulutsa buku la galamala mu 1762 lodzaza ndi zitsanzo za zolakwa za alembi otchuka. Lindley Murray anatenga zambiri mwa izo n'kuziika m'buku la ana asukulu mu 1795, limene linagulidwa makope mamiliyoni. Kukana kawiri m'chiganizo chimodzi, monga *I don't know nothing*, kumene mlakatuli wotchuka wa m'zaka za m'ma 1300, Geoffrey Chaucer, ankachita momasuka, kunasanduka chizindikiro cha umbuli. Kenako anafika pa katchulidwe. Mu 1761 Thomas Sheridan, wa ku Ireland, anakaphunzitsa akuluakulu a ku Edinburgh kutchula mawu ngati a ku London. John Walker mu 1791 analemba mtanthauziramawu wa katchulidwe wokhala ndi malangizo apadera kwa a ku Scotland, a ku Ireland ndi anthu wamba a mu London momwemo. Funso silinalinso lakuti "wandimva?" koma lakuti "ndiwe wa kuti, mwana wa yani?"

Kuti muone kuti muyezowu ndi wa anthu, osati wa chilengedwe, tengani *r* wa mu *car* ndi *farm*. M'nthawi ya Walker kumumeza kunkaoneka ulesi wa anthu a ku London. Patapita zaka 100, kumumeza ndiko kunali kayankhulidwe ka ana a m'masukulu odula, kamene katswiri wa katchulidwe Daniel Jones anakalemba mu 1917, ndipo BBC inakatenga itakhazikitsa komiti yolangiza za katchulidwe mu 1926. A ku Scotland, a ku Ireland ndi ambiri a ku America *r* ameneyu amamutchulabe. Mu 1941 Wilfred Pickles, wa ku Yorkshire, atayamba kuwerenga nkhani pa wailesiyo m'liwu la kwawo, omvera ena anadandaula kuti sangakhulupirire nkhani zowerengedwa motero. Chonsecho kayankhulidwe "kovomerezeka" kameneka ndi ka anthu ochepa kwambiri ngakhale ku Britain komweko.

Ku Malawi Chingerezi chinafika ndi amishoni ndi ulamuliro wa Britain, ndipo chinafika chitavala kale mtima woweruzawu. Lero osakhoza Chingerezi satenga satifiketi ya MSCE, ndipo malamulo a dziko amafuna kuti wopita ku Nyumba ya Malamulo azitha kuchiyankhula ndi kuchiwerenga. Choncho kuchiphunzira bwino n'kofunika, makamaka cholemba: kalata yofunsira ntchito, lipoti ndi mgwirizano ziyenera kutsata muyezo, ndipo musankhe kalembedwe kamodzi, *colour* ndi *centre* a ku Britain kapena *color* ndi *center* amene Noah Webster anakhazikitsa ku America, osasakaniza. Koma chizungu cha m'mphuno si luso la kucheza. Kuseka munthu chifukwa cha chingerezi chothyoka kumangomutseka pakamwa, gulu n'kutaya zimene akanalipatsa.

Pa katchulidwe, ikani mphamvu pamene kumvana kumathyokera. Jennifer Jenkins, amene anafufuza macheza a anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana oyankhulana m'Chingerezi, anapeza kuti *th* wovuta uja sasokoneza kwenikweni: mukati "tink" kapena "dis" anthu amamva. Zosokoneza ndi zina. Kwa ife choyamba ndi *l* ndi *r*, amene m'Chichewa sasiyanitsa mawu koma m'Chingerezi amalekanitsa *light* ndi *right*, *play* ndi *pray*, *collect* ndi *correct*. Pa *l* nsonga ya lilime imagunda kuseri kwa mano a m'mwamba. Pa *r* imayandikira koma osagunda. Chachiwiri ndi liwu lalitali ndi lalifupi, *leave* ndi *live*, *sheep* ndi *ship*. Chachitatu ndi potsindika: *thirteen* amalemera kumapeto, *thirty* koyambirira. Pa nkhani ya ndalama, mankhwala kapena nthawi ya basi, musadalire khutu lokha. Tchulani manambala limodzilimodzi, *one three* kapena *three zero*, ndipo womvera abwereze.

Munthu akapanda kukumvani, kubwereza mawu omwewo mokweza sikuthandiza: chimene chinamuwombola wogulitsa nsalu uja ndi mawu ena. Bwerezani kamodzi pang'onopang'ono. Zikakanika sinthani liwu, perekani chitsanzo, lozani chinthucho kapena lembani. Inuyo mukapanda kumva, musangoti *sorry?* ayi. Bwerezani gawo limene mwamva n'kusiya mpata pamene pakusowa: *you want me to come on which day?* Mnzanu adziwa pomwe akonze, osayambiranso nkhani yonse. Ndipo wina akalakwitsa galamala pakati pa nkhani koma mwamumva, musamuimitse. Ngati kukonza n'kofunika, gwiritsani ntchito mawu olondolawo m'yankho lanu, iye atola yekha.

Kulonjerana ndi kutsanzikana nakonso kuli ndi miyezo yosiyana. Kwathu moni amafunsa za thupi, za ana ndi za kumene mwachokera, ndipo kulumpha zimenezi n'kuthamangira nkhani ndi mwano. Kwa Mngerezi *how are you?* amafuna yankho la mawu awiri kapena atatu ndi kubweza funso, kenako pang'ono za nyengo kapena za ulendo, basi nkhani yayamba. Potseka, Schegloff ndi Sacks anaonetsa kuti anthu sangodula. Mmodzi amaponya kamawu kopanda nkhani, *well*, *anyway*, *right then*, monga ife timati "chabwino" kapena "basi ndiye". Kamawuka ndi funso lobisika: pali china chatsala? Ngati muli nacho, malo ake ndi amenewo. Ngati mulibe, bwezani kamawu kofanana, tchulani zimene mwagwirizana, tsiku ndi ola, kenako mutsanzike. Wina akakuuzani kuti *I'll let you go*, ndiye kuti iyeyo ndi amene akufuna kunyamuka, ndipo nkhani yatsopano imene yakufikirani m'mutu idikire ulendo wina.